DZINA LA KATUNDU WANU NDI CHUMA, KOMA LAMULO LITCHINJIRIZA IYE AMENE WALEMBETSA

Wolemba Mtola Nkhani Wathu

Tiyerekeze mayi wina wa ku Mchinji amene wakhala ali kusinja chiponde kwa zaka 7. Poyamba ankagulitsa m'mabotolo opanda dzina pa msika wa pa boma. Pambuyo pake anapempha mwana wa mchemwali wake kuti amjambulire chithunzi cha mtondo ndi munsi, nalemba dzina pansi pake, namata pepalalo pa botolo liri lonse. Anthu analawa, nachikonda, nayamba kuitanitsa chipondecho pochitchula dzina. Tsiku lina mayiyu alowa m'sitolo ina ku Lilongwe napeza mabotolo a dzina lomwelo ndi chithunzi chomwecho, koma za m'katimo si zake ai: nzamadzimadzi, ndipo zinunkha mtedza wa chuku. Apita kukadandaula, ndipo funso loyamba limene amfunsa ndi ili: "Kodi mayi, chizindikiro chimenechi munalembetsa?"

Funso limeneli ndilo mutu wa nkhani yathu lero. Kuyambira chaka cha 2016 malamulo a dziko lino oyang'anira zizindikiro za malonda ndi umwini wa nchito za nzeru asintha kwambiri, ndipo makomo ambiri amene anali otseka kwa a malonda athu tsopano ali otsegula. Komatu lamulo siliyenda m'misika kufunafuna anthu oti liwatchinjirize. Limamthandiza munthu amene wanyamuka yekha nakalembetsa chimene chiri chake.

LAMULO LA M'MASIKU A CHITAGANYA

Awerengi athu ena adzadabwa kumva kuti kufikira chaka cha 2018 zizindikiro za malonda m'Malawi zinkayendera lamulo la chaka cha 1957, lopangidwa m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo nalonso linatengera lamulo la ku Mangalande la 1938. Chitaganya chinatha mu 1963, dziko linalandira ufulu mu 1964, koma lamulo lija linakhalabe zaka 60 ndi kupitirira.

Lamulo lakalelo linapangidwira dziko limene malonda ake anali katundu wa m'mabokosi ndi m'matumba, wobwera pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Beira: nsalu, sopo, njinga, machesi, makasu. Nchifukwa chake linkalola kulembetsa chizindikiro cha katundu yekha, ndiye kuti chinthu chogwirika ndi manja. Mwini basi, mwini nyumba yogona alendo, mwini sukulu kapena banki analibe malo m'kaundula, pakuti iwowa sagulitsa chinthu choika m'thumba koma amagwirira anthu nchito. Amene anafuna kudzitchinjiriza ankachita kuzemberera, nalembetsa dzina lao ngati la mapepala kapena mabuku amene amasindikiza, chinthu chimene sichinali cholimba pa bwalo la milandu.

Lamulo latsopano la zizindikiro za malonda linatuluka mu 2018, ndipo linayamba kugwira nchito pa 1 October chaka chomwecho. Chaka chotsatira, mu 2019, Boma linakhazikitsa mfundo zake za dziko lonse pa umwini wa nchito za nzeru.

ZIMENE ZINASINTHA MU 2018

Choyamba, ogwirira anthu nchito nawonso analandira malo m'kaundula. Wometa tsitsi, wokonza magalimoto, wonyamula katundu, wotumiza ndalama pa lamya, onsewa tsopano akhoza kulembetsa dzina ndi chizindikiro cha nchito yao monga achitira wogulitsa sopo.

Chachiwiri, gulu la anthu likhoza kukhala ndi chizindikiro chimodzi cha onse. Alimi a m'kopaletivi amene aweta njuchi, kapena amisiri osema ziboliboli, akhoza kulembetsa chizindikiro m'dzina la gulu lao, nalemba malamulo onena za amene ayenera kuchigwiritsa nchito ndi ubwino wa katundu umene ayenera kuusunga. Kwa mlimi wa ming'oma isanu, amene payekha sangathe kulipira loya, imeneyi ndiyo njira yapafupi. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, lamulo linavomereza maina a malo. Katundu amene ubwino wake kapena mbiri yake ichokera ku nthaka, madzi, nyengo ndi luso la anthu a dera lina akhoza kutchinjirizidwa, kuti munthu wa kwina asamate dzina la deralo pa katundu amene sanachokere kumeneko. Za ichi tinena zambiri pansipa.

Chachinai, zizindikiro zotchuka kwambiri zinalandira chitetezo ngakhale eni ake asanazilembetse m'dziko muno. Ichi chithandiza makamaka makampani akuluakulu, ndipo ndi chenjezo kwa iye amene aganiza kubwereka dzina lomveka la kunja kuti malonda ake ayende.

Chachisanu, nthawi inasintha. Pa lamulo lakale chizindikiro chinkalembedwa kwa zaka 7, ndipo pambuyo pake mwini wake ankachikonzanso zaka 14 ziri zonse. Tsopano ndi zaka 10, ndipo zikatha munthu alipiranso nalandira zaka zina 10, mopanda malekezero. Apa ndi pamene chizindikiro chisiyana ndi chuma china cha nzeru: ufulu wa wopeka nyimbo kapena wa wotulukira makina uli ndi tsiku lake lothera, koma chizindikiro chikhoza kukhala cha ana ndi adzukulu ngati achigwiritsa nchito ndi kuchikonzanso pa nthawi yake.

CHIKALATA CHA BIZINESI SI CHIZINDIKIRO

Pali kulakwa kumodzi kumene a malonda ambiri agwamo. Munthu akalembetsa dzina la bizinesi kapena la kampani yake nalandira chikalata, aganiza kuti zonse zatha. Chikalata chimenecho chionetsa kuti Boma limdziwa monga wochita malonda m'dzina lakutilakuti. Sichimpatsa mphamvu yoletsa wina kumata dzinalo pa botolo kapena pa thumba. Chimodzimodzinso chidindo cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards: chimenecho chinena za ubwino wa katundu, osati za mwini dzina. Zinthu zitatuzi nzosiyana, ndipo chiri chonse chiri ndi khomo lake.

Wofuna kulembetsa chizindikiro ayambe wafufuza m'kaundula wa Mlembi wa Zizindikiro ngati palibe wina amene anatenga kale dzina lotero kapena lofanana nalo. Ndi bwino kutero asanasindikize mapepala omata ndi kulemba zikwangwani, pakuti safunsa anadya phula. Kenaka apereka pempho lake pamodzi ndi chithunzi cha chizindikirocho, natchula katundu kapena nchito zimene chidzaimira. Maiko anagwirizana kugawa malonda onse m'magulu 45: magulu 34 a katundu ndi magulu 11 a nchito. Chitetezo chifika pa zimene munthu watchula. Wolembetsa dzina pa chiponde asayese kuti watseka njira kwa wogulitsa njerwa.

Mlembi ayesa pempholo. Mau ongofotokoza katundu, monga "Chiponde Chokoma" kapena "Ufa Woyera", sangapatsidwe kwa munthu mmodzi, chifukwa a malonda onse ayenera kukhala ndi ufulu wotchula katundu wao. Mbendera ya dziko ndi zizindikiro za Boma nzoletsedwa, ndiponso chizindikiro chonyenga ogula kapena chofanana ndi cha wina amene analembetsa kale. Pempho likavomerezeka lilengezedwa poyera, ndipo pakhala masiku oikika akuti ali yense wokhala ndi chifukwa atsutse. Popanda wotsutsa, chikalata chituluka.

Nanga mayi uja wa ku Mchinji, amene sanalembetse? Lamulo silimtaya konse. Akhoza kusuma mlandu wakuti wina ali kunyenga anthu pogulitsa katundu wake ngati wa mayiyo. Koma katundu yense wa mlandu ali pa mutu pake: ayenera kuonetsa bwalo kuti dzinalo lidziwika monga lake, kuti ogula anyengedwadi, ndi kuti iye wataya malonda. Zimenezi zifuna mboni, malisiti a zaka zambiri, loya ndi nthawi. Wolembetsa angotulutsa chikalata chake. Ndipo choopsa choposa nchakuti wakuba uja akhoza kufika ku kaundula poyamba, kotero kuti mwini weniweni ndiye asanduka wodandaula pa dzina limene analipeka yekha.

CHIKALATA CHITHERA PA MALIRE

Chizindikiro cholembetsedwa m'Malawi chiri ndi mphamvu m'Malawi mokha. Katundu akangodutsa Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, chikalata chija chitsala m'mbuyo. Nkhani imeneyi yakula chifukwa maiko a mu Africa anagwirizana za msika umodzi wa onse, umene malonda ake anatsegulidwa pa 1 January 2021, ndipo mu February 2023 atsogoleri ao anavomereza ku Addis Ababa gawo la panganolo lonena za umwini wa nchito za nzeru. Anansi athu nawonso ali kukonza nyumba zao. Zambia anapanga lamulo latsopano la zizindikiro mu 2023.

Wa malonda wa m'Malawi amene afuna kutchinjiriza dzina lake kunja ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndi yakale ija, yolembetsa m'dziko liri lonse palokha. Pangano la ku Paris, limene dziko lino linalowamo mu 1964, limpatsa miyezi 6 kuchokera tsiku limene anapempha kuno kwao, kuti akapempha m'dziko lina la m'panganolo m'kati mwa miyeziyo, pempho lake liwerengedwe ngati la tsiku loyamba lija.

Yachiwiri ndi ya bungwe la ARIPO, limene linabadwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976 ndipo likulu lake liri ku Harare. Pangano lake la zizindikiro linapangidwa ku Banjul, m'dziko la Gambia, mu 1993, ndipo Malawi anali mmodzi wa maiko oyamba kuliyendera mu 1997. Ndi pempho limodzi munthu atchula maiko a m'panganolo amene awafuna, monga Zimbabwe, Botswana kapena Mozambique. Kwa zaka zambiri maloya ankakaika ngati chizindikiro chobwera pa njira imeneyi chinali ndi mphamvu m'makhoti a m'Malawi, popeza lamulo la 1957 silinanene kanthu za panganolo. Lamulo la 2018 linachotsa chikaiko chimenecho. Kuti sichinali chikaiko chachabe tinaona ku Tanzania, kumene mu 2025 Bwalo la Apilo linagamula kuti zizindikiro za ARIPO ziribe mphamvu m'dzikomo chifukwa panganolo silinalowetsedwe m'malamulo ao. Tsono wotumiza katundu kumpoto kwa Songwe afunse bwino asanadalire njira imeneyi.

Yachitatu ndi dongosolo la Madrid, loyendetsedwa ndi bungwe la WIPO ku Geneva, limene linayamba kugwira nchito kwa Malawi pa 25 December 2018. Munthu amene walembetsa kapena wapempha kuno kwao apereka pempho limodzi kudzera ku ofesi ya kuno, nasankha pakati pa maiko oposa 100, kuphatikizapo China, United States, Britain ndi maiko a European Union. Popeza Malawi ali m'gulu la maiko osauka kwambiri, mtengo woyambira wa pempho, umene kwa ena ndi mafranki 653 a ku Switzerland pa chizindikiro chopanda mitundu, kwa ife ndi mafranki 65. Koma dziko liri lonse losankhidwa liri ndi mtengo wake woonjezera. Pali msampha umodzi woti audziwe: pa zaka 5 zoyamba chikalata cha kunja chitsamira pa cha kuno, ndipo cha kuno chikagwa, cha kunja chigwa nacho. Adziwenso kuti si maiko onse ali m'dongosololi. Pamene Malawi ankalowa, South Africa, kumene timatumiza katundu wambiri, anali kunja kwa Madrid ndi kwa Banjul komwe.

Khomo limeneli litsegukira mbali zonse ziwiri. Monga Mmalawi akhoza kutchula China m'pempho lake, momwemonso kampani ya ku China kapena ku India ikhoza kutchula Malawi iri kwao, popanda kuponda m'dziko muno. Kaundula wathu adzaza msanga kuposa kale, ndipo wochedwa adzapeza dzina lake litatengedwa.

MAINA A MALO

Kuti timvetse kufunika kwa maina a malo, tiyang'ane zimene zinaonekera alimi a ku South Africa. Ku mapiri a Cederberg, kumpoto kwa Cape Town, kumera chitsamba chotchedwa rooibos, chimene masamba ake amaphika ngati tiyi. Mu 1994 dzina lakuti "rooibos" linalembetsedwa ku United States ngati chizindikiro cha kampani imodzi, ndipo mu 2001 linapita m'manja mwa kampani ina ya ku Texas, imene inayamba kuletsa ena kugulitsa tiyiyo m'dzina lake lenileni. Mlandu unatenga zaka ndi ndalama zambiri kufikira mu 2005, pamene chizindikirocho chinachotsedwa. Pambuyo pake alimi ndi boma lao analemba malire a dera limene rooibos imera ndi njira ya kakonzedwe kake, ndipo mu 2021 European Union inalemba dzinali m'kaundula wake wa maina a malo otchinjirizidwa. Kuyambira pamenepo masamba ochokera kwina sangagulitsidwe kumeneko m'dzina la rooibos.

Pafupi ndi ife pompano, anansi athu a ku Mozambique analembetsa mbuzi ya ku Tete, Cabrito de Tete, monga dzina la malo. Mbuzi imeneyi ambiri a ife a ku Mwanza ndi ku Chikwawa tiidziwa.

Nanga ife? Tiri ndi tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, khofi wa ku mapiri a Misuku ndi Viphya, chambo cha m'Nyanja ya Malawi, ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Mpungawu ndiwo chitsanzo chimene mai ali yense wa m'tauni achidziwa. Fungo lake ndilo mtengo wake, ndipo chifukwa cha mtengowo ogulitsa ena ausakaniza ndi mpunga wamba nautchabe Kilombero. Wogula akanyengedwa kawiri katatu aleka kukhulupirira dzinalo, nakana kulipira mtengo wake, ndipo amene alangidwa ndi mlimi wa ku Karonga amene sanalakwe kanthu.

Koma tisanamizane kuti nchito yake njapafupi. Dzina la malo silikhala la munthu mmodzi. Likhala la onse a m'deralo amene atsata malamulo ogwirizana. Alimi ayenera kumvana za malire a dera, mtundu wa mbeu, kaumitsidwe ndi kapunthidwe, ndi za amene adzayendera matumba kuona ngati mulibe chinyengo. Pa Kilombero palinso vuto lina: ku Tanzania kuli chigwa cha dzina lomweli, ndipo nakonso alima mpunga. Kungakhale kwanzeru kuti dzina lolembetsa limangidwe pamodzi ndi la Karonga, kuti wogula wa ku Lusaka kapena ku London adziwe mpunga umene tiri kunena. Lamulo lapereka chida. Kuchisula kuti chigwire nchito kuli kwa alimi, makopaletivi ao ndi alangizi a Boma.

NYIMBO NDI NZERU ZA MAKOLO

Malamulo ena awiri ayenera kutchulidwa mwachidule. Mu 2016 dziko lino linapanga lamulo latsopano la umwini wa mabuku, nyimbo, zithunzi ndi zina zotere, m'malo mwa la 1989. Wa malonda adziwe kuti kugula chimbale sikumpatsa ufulu woimba nyimbozo m'bala kapena m'malo odyera kuti akope ogula. Pafunika chiphaso cha bungwe la COSOMA, limene litolera ndalama za oimba ndi opeka. Adziwenso kuti chithunzi cha pa botolo lake chinajambulidwa ndi munthu, ndipo ndi bwino kulemberana naye kuti umwini wake wapita kwa mwini malonda. Mayi wathu uja ndi mwana wa mchemwali wake lero agwirizana, koma malonda akakula chibale chimayesedwa.

Lachiwiri ndi pangano limene maiko anapanga ku Geneva pa 24 May 2024. Linena kuti wopempha umwini wa chinthu chatsopano chimene wachitulukira, ngati chachokera ku zomera kapena zamoyo zina, aulule dziko kumene zinachokera, ndiponso anthu amene anampatsa nzeru za makolo ao. Malawi ndiye anali dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kulivomereza, mu December 2024. Panganolo linaika kuti mphamvu yake iyambe maiko 15 atalivomereza. Kwa dziko la mitengo yambiri ya mankhwala monga lathu, ichi si chinthu chaching'ono.

CHOTSALA NCHA ENI MALONDA

Pali ena amene anena kuti malamulo otere athandiza makampani olemera a kunja okha, ndipo m'mau ao muli choona: iwo ali ndi maloya ndi ndalama, ndipo sachedwa kulembetsa. Koma yankho lake sikukhala pansi. Chizindikiro cholembetsedwa ndi chuma monga munda kapena ng'ombe: chikhoza kugulitsidwa, kubwereketsedwa kwa wina pa mtengo, ndi kusiyiridwa ana. Chithandizanso wogula, pakuti mlimi amene agula mbeu kapena feteleza wachinyengo m'thumba la dzina lodziwika ataya chaka chathunthu.

Kwa inu a malonda, zochita nzowerengeka. Sankhani dzina lanulanu, losafanana ndi la wina ndi losangofotokoza katundu. Fufuzani m'kaundula musanasindikize. Lembetsani kuno kwanu poyamba, ndi kunja musanatumize katundu. Sungani malisiti ndi mapepala oonetsa kuti muli kuligwiritsa nchito, popeza chizindikiro chongogona zaka zambiri chikhoza kufafanizidwa. Lembani tsiku limene zaka 10 zidzatha. Ngati simungathe nokha, lowani m'gulu.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzina limene ogula alitchula pa msika koma mulibe m'kaundula lidakali pa chala, ndipo mphepo ya malonda a masiku ano iomba kuchokera kutali.